Muyeso wa Munthu Wakuda Anausema Ndani?

 Lero ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira tsiku limene tinaika m'manda mayi anga, kumudzi kwathu ku Dedza.

Pamaliropo panabwera mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa zaka 16, wobadwira ndi kukulira ku England. Kanali koyamba kuponda dothi la kwa agogo ake, ndipo mayi ake anandiuza kuti ulendo wonse m'ndege mwanayu ankangoloweza malonje. Atafika pasiwa anagwada bwinobwino monga anamulangizira, n'kupereka moni kwa amayi amene anakhala pamphasa. Mawu anatuluka, koma opindika. Amayi aja anagwira pakamwa ndi nsonga za zitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo mmodzi anati, "Eee, azungu athu akuyesetsa!" Chakudya chitabwera, mwana uja anatema nsima yamoto ndi zala zosazolowera, n'kupsa, n'kuigwetsera m'mbale. Mnyamata wina anakuwa ali poteropo, "Mupatseni foloko mzunguyo!" Anthu anaseka. Inenso, malume ake, ndinaseka nawo, ndipo m'maganizo mwanga tinkangocheza. Kuyambira pamenepo mpaka tsiku losesa, mtsikanayu sanatulutsenso liwu ngakhale limodzi la Chichewa.

Madzulo a tsiku lachitatu ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe, atakhala pamtondo wogwetsa, akuyang'ana zala zake zomwe zinali ndi matuza awiri. Ndinakhala pambali pake. Patapita kanthawi anayamba kundifotokozera m'Chingerezi. Anati kusukulu kwake kuli ana ena akuda amene amamutcha Oreo. Oreo ndi bisiketi wakuda kunja koma woyera mkati. Amamutcha choncho chifukwa amayankhula ngati aphunzitsi, amakonda kusambira, ndiponso nyimbo zomwe amamvera akuti n'zachizungu. Azungu nawonso samusiya. Akanena kuti kwawo ndi tawuni imene anabadwiramo, amamufunsanso kuti, "Ayi, kwanu kwenikweni n'kuti?" Kenaka anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amalume, ndinkaganiza kuti kuno kokha palibe amene andifunse ngati ndili weniweni."

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Koma mwambiwu umanena za munthu amene akuzengereza kusankha. Mwana uyu sanazengereze. Anathamangira phanga la kwawo, ife eni phanga ndi amene tinamubweza pamvula.

Ndiye ndakhala ndikudzifunsa: muyeso uwu umene timayesera anzathu, wakuti uyu ndi wakuda weniweni, uyu ndi wakuda wapakhungu pokha, anausema ndani? Kuti tiyankhe, tiyeni tipite ku America, kumene nkhaniyi yakambidwa kwambiri ndipo yapweteka anthu ambiri. Ndiyambe ndi amuna awiri amene okonda nkhonya nonse mukuwadziwa.

Muhammad Ali ndi munthu amene ine ndimamulemekeza. Mu 1967 anakana kupita kunkhondo ya ku Vietnam, ndipo anamulanda lamba wake n'kumuletsa kumenya nkhonya kwa zaka zoposa zitatu, pa nthawi imene thupi lake linali pachimake. Zimenezo n'zachamuna. Koma tamverani zimene anachita kwa Joe Frazier.

Frazier anabadwa mu 1944 ku Beaufort, m'chigawo cha South Carolina, m'banja la ana ambiri lolima movutikira, moyo wofanana ndi wa matenanti a m'maesiteti a fodya. Anagwira ntchito zakumunda ali mwana. Akadali mnyamata anasamukira kumpoto, n'kukapeza ntchito kophera ng'ombe mumzinda wa Philadelphia, kumene ankaphunzira nkhonya pomenya nyama zopachika m'chipinda chozizira. Ngati pali munthu amene anadziwa kuwawa kwa kukhala wakuda ndi wosauka kumwera kwa America, ndi ameneyu. Ndipo pa zaka zimene Ali anali woletsedwa, Frazier anamuthandiza ndi ndalama, komanso anayankhula ndi akuluakulu kuti amubwezere chilolezo chake.

Chilolezo chitabwera, awiriwa anakonzeka kukumana pa 8 March 1971 ku Madison Square Garden, mumzinda wa New York. Apa ndi pamene Ali anayamba kuuza dziko lonse kuti Frazier ndi Uncle Tom, kutanthauza wakuda wogwadira azungu, ndipo kuti aliyense wakuda wochemerera Frazier ndi wogulitsa mtundu. Anthu anakhulupirira. Frazier anapambana usiku umenewo, anamugwetsa Ali pansi m'raundi ya 15, koma kwa akuda ambiri anakhala ngati katswiri wa azungu. Ana ake ankanyozedwa kusukulu. Pofika 1975, awiriwa akukonzekera kukumana kachitatu ku Manila, Ali anasintha nyimbo. Tsopano ankamutcha Frazier gorila, nyani wamkulu uja, mpaka kutulutsa kachidole ka gorila pamaso pa atolankhani n'kumakamenya. Ankamunena kuti ndi wonyansa, ndi mbuli, sadziwa kuyankhula.

Taganizani bwino pamenepa, omvera. Munthu mmodzi yemweyo, mu 1971 akunenedwa kuti si wakuda mokwanira, mu 1975 akunenedwa kuti ndi wakuda mopitirira, ndipo chitonzo chake ndi chomwe chija eni akapolo ankagwiritsa ntchito, choyerekeza munthu wakuda ndi nyani. Muyeso womwe umatalika ndi kufupika malingana ndi amene waugwira si muyeso ayi, ndi chikoti. Ali anadzanena pambuyo pake kuti ankangofuna kukopa anthu kuti agule matikiti, ndipo anapepesa kudzera m'nyuzipepala. Frazier anakhala ndi chilonda chimenecho zaka zambirimbiri. Frazier atamwalira mu 2011, Ali, akunjenjemera ndi matenda ake, anapita kumaliro ku Philadelphia. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa Ali sanali munthu woipa mtima. Amayi a pasiwa paja nawonso si oipa mtima.

Dzina la Uncle Tom lenilenilo lili ndi mbiri yake yomvetsa chisoni. Linachokera m'buku la Harriet Beecher Stowe la mu 1852. M'bukumo Tom ndi kapolo amene anakwapulidwa mpaka kufa chifukwa chokana kuulula kumene akapolo awiri aakazi anabisala. Anafera anzake. Koma masewero a pasiteji amene anabwera pambuyo pake anamusandutsa nkhalamba yogonjera ndi yosekerera azungu, ndipo dzina la munthu wofera anzake linasanduka dzina la wogulitsa anzake.

Tsono ndisanapitirire, ndinene chilungamo. Kukayikirana kumeneku sikunangogwa kumwamba. Anthu oponderezedwa amapulumuka pogwirana manja, ndipo m'gulu lotere munthu mmodzi wopereka anzake amaphetsa ambiri. Ku America kunalidi akapolo amene ankaulula mapulani a anzawo ofuna kuthawa. Ku South Africa kunalidi akazitape a boma la tsankho. Kuno kwathu, m'masiku olimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, makolo athu anali ndi dzina lawo la anthu otere: akapirikoni, dzina lochokera ku bungwe la Capricorn Africa Society. Choncho funso lakuti "kodi uyu ndi wathu?" linali funso la moyo ndi imfa. Sindikulinyoza. Chimene ndikukana n'chakuti funso limene linkafunsa zochita za munthu, kuti kodi waulula chiyani, wagulitsa ndani, lero tikulifunsa poyang'ana lilime la mwana, nyimbo za m'foni mwake ndi buku lili m'manja mwake.



Nkhani ya buku ndi imene imandiwawa kuposa zonse, ndiye mundilole ndikhalepo pang'ono. Mu 1986 akatswiri awiri, Signithia Fordham ndi John Ogbu, amene anali wobadwira ku Nigeria, anafalitsa zomwe anapeza pasukulu ina ya sekondale mumzinda wa Washington. Ana akuda a pasukulupo anatchula zinthu zimene ankaziona ngati kuchita chizungu. Zina mwa izo zinali kuyankhula Chingerezi cha m'kalasi, kukhalitsa m'laibulale, kulimbikira kuti ukhoze bwino, ndi kusunga nthawi. Ana ena anzeru ankabisa nzeru zawo, kudzisandutsa anthabwala m'kalasi, kuti anzawo asawasale. Nkhaniyi inafala kwambiri moti mu 2004, pamsonkhano waukulu wa chipani cha Democratic ku Boston, Barack Obama asanakhale pulezidenti anaitchula, n'kunena kuti bodza lakuti mwana wakuda wonyamula buku akuchita chizungu liyenera kuthetsedwa.

Akatswiri ena anadzatsutsa kuti vutoli si lalikulu monga linkanenedwera. Karolyn Tyson ndi anzake, atafufuza m'masukulu a ku North Carolina, anapeza kuti ana akuda ambiri amafuna kukhoza bwino ngati mwana wina aliyense, ndiponso kuti ana anzeru amasekedwa m'mitundu yonse, azungu omwe. Anaona kuti chitonzo cha chizunguchi chimamera makamaka m'masukulu mmene makalasi a ana okhoza bwino adzaza azungu, wakuda n'kukhala mmodzi kapena awiri. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa ikutionetsa kumene muzu uli. Mwana akaona tsiku ndi tsiku kuti chipinda cha anzeru ndi cha azungu, amayamba kukhulupirira kuti nzeru zili ndi khungu. Sanabadwe nawo maganizo amenewo, wawaphunzira poyang'ana mmene sukulu yagawira mipando.

Ndipo amene anayamba kunena kuti buku si la munthu wakuda tikumudziwa. Mu 1740 chigawo cha South Carolina, kwawo kwa Joe Frazier komwe kuja, chinakhazikitsa lamulo lolipiritsa mapaundi 100 aliyense wophunzitsa kapolo kulemba. Zigawo zina zinadzapanga malamulo ofanana nalo. Frederick Douglass ali kamnyamata kaukapolo ku Baltimore, mkazi wa bwana wake anayamba kumuphunzitsa zilembo, koma mwamunayo atadziwa analetsa, akuti kapolo wodziwa kuwerenga sangakhalenso kapolo wabwino. Kamnyamatako kanamva mawu amenewo n'kuzindikira pamene pagona ufulu. Kanayamba kutenga buledi m'nyumba n'kumapatsa ana osauka achizungu m'misewu kuti akaphunzitse mawu. Douglass anathawa ukapolo mu 1838 n'kukhala mmodzi mwa anthu oyankhula ndi kulemba mwamphamvu kwambiri m'dziko lonselo. Anthu anakwapulidwa chifukwa cha buku. Tsono lero mwana wakuda akauza mnzake kuti kuwerenga n'kwa azungu, akubwereza lamulo la 1740 mosadziwa, ndipo akulitumikira popanda malipiro.

N'chimodzimodzi ndi kusambira, kumene mwana wa mchemwali wanga uja amasekedwa nako. Ku America kuli chikhulupiriro chakuti akuda sasambira, ndipo akuda ena amachinena okha ngati nthabwala yonyadira. Kauzeni zimenezo ana a ku Nkhotakota, ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay, amene amadumpha m'bwato pakati pa nyanja asanayambe n'komwe sitandade 1. Chomwe chinachitika ku America n'chakuti kwa zaka zambiri akuda ankaletsedwa kulowa m'maiwe osambiramo. Mu June 1964, mumzinda wa St. Augustine ku Florida, achinyamata akuda ndi azungu atalowa limodzi m'dziwe la pahotela ina posonyeza kukana tsankho, mkulu wa hotelayo anathira asidi m'madzimo anthu ali momwemo. Agogo woletsedwa kusambira sangaphunzitse mwana wake, mwanayo sangaphunzitse mdzukulu, ndipo pakapita mibadwo itatu chiletso chija chimaoneka ngati chibadwa. Mpaka mu 2016 ku Rio m'pamene Simone Manuel anakhala mkazi wakuda woyamba wa ku America kupata mendulo yagolide ya Olympics pa mpikisano wosambira payekha.

Za nyimbo ndingodutsamo. Banjo, yomwe anyamata athu amapanga ndi chigubu ndi waya, ku America imaonedwa ngati chida cha azungu akumidzi, chonsecho inachokera ku zoyimbira zimene akapolo a kumadzulo kwa Africa anapita nazo kutsidya kwa nyanja. Charley Pride, mwana wa alimi a thonje a ku Mississippi, atayamba kuyimba nyimbo za country, kampani yake inatumiza nyimbo zake zoyamba kumawailesi popanda chithunzi chake. Kuno kwathu madala ambiri amakonda Jim Reeves ndi Don Williams, ndipo sindinamvepo wina akuwafunsa ngati ali akuda enieni. Koma amene amandimvetsa chisoni ndi Whitney Houston. Anakulira m'kwaya ya tchalitchi cha Baptist ku Newark, mayi ake anali woyimba nyimbo zauzimu. Mu 1988 anayimba ku Wembley pamwambo wofuna kuti Nelson Mandela atulutsidwe m'ndende. Chaka chotsatira, pamwambo wa mphoto wa Soul Train, dzina lake litatchulidwa, ena mwa akuda anzake anamukuwiza, akuti nyimbo zake n'zachizungu. Mtsikana wa zaka 25, atavala bwino, atakhala pakati pa anthu a mtundu wake.

Tibwere pafupi, ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali pa ganyu. Kumeneko dzina lake ndi kokonati, tanthauzo lake lofanana ndi la bisiketi uja, ndipo limagwera makamaka ana akuda amene anaphunzira m'masukulu omwe kale anali a azungu okha. Kopano Matlwa analemba buku la mutu womwewo mu 2007. Koma dziko limeneli lili ndi phunziro loopsa kuposa pamenepa. Pansi pa lamulo la 1950 logawa anthu m'mitundu, akuluakulu a boma la tsankho ankatha kulowetsa pensulo m'tsitsi la munthu. Ikagwa, ndiwe mtundu wina. Ikakakamira, ndiwe mtundu wina. Pensulo imeneyo inkagamula kumene ukhale, amene ukwatirane naye, sukulu imene ana ako apite. Tsankho lija linatha mu 1994. Koma mu May 2008, zipolowe zothamangitsa obwera zitabuka ku Alexandra n'kufalikira madera ena, magulu a anthu akuda ankaimitsa akuda anzawo pamsewu, kuwaloza chigongono n'kuwafunsa dzina lake m'Chizulu. Ukalephera, ndiwe kwerekwere, kutanthauza wobwera. Ena ankangoyang'ana khungu, akuti uyu wada kwambiri, si wakuno. Anthu oposa 60 anaphedwa, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali nzika za South Africa yomweyo. Amalawi ambiri anabwerera pamabasi atataya zonse. Pensulo ija inangosanduka chigongono, ndipo dzanja loyesa linali lakuda.

Mwina wina akuti, "Koma bambo inu, mukufananitsa bwanji kuseka kwa pasiwa ndi kupha anthu?" Sindikunena kuti n'zofanana kukula kwake. Ndikunena kuti funso lake ndi limodzi: tchula mawu awa monga timatchulira ife, apo ayi si iwe wathu.

Tsopano tulutsani ndalama m'thumba mwanu muyang'ane nkhope ya John Chilembwe. Munthu ameneyu anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, n'kukaphunzira pasukulu ya ubusa ya anthu akuda ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia. Anabwerera mu 1900 n'kukhazikitsa mishoni yake ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, ndipo akuda a ku America monga Landon Cheek ndi Emma DeLaney anabwera kudzamuthandiza. Ankavala suti, ankayankhula ndi kulemba Chingerezi, ankalimbikitsa anthu ake kuvala mwaudongo ndi kuphunzira. Atati atulukire lero pamsika atavala chomwecho, achinyamata ena akanati akudzimva uzungu. Koma amene ankanyansidwa ndi suti ya Chilembwe anali atsamunda, chifukwa iwo ndi amene anali ndi chithunzi cha mmene munthu wakuda weniweni ayenera kuonekera: wopanda nsapato, wovula chipewa akakumana ndi bwana, wodziwa malo ake. Pali chithunzi cha mu 1914 chimene Chilembwe waima pambali pa mmishonale wachizungu John Chorley, chipewa chili kumutu. Chithunzi chimenecho ndi chimene Samson Kambalu, Mmalawi mnzathu, anachisandutsa chiboliboli chomwe chinaikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Chipewa ndi chovala chachizungu, inde. Koma pamutu pa Chilembwe chinali kukana ukapolo, ndipo chaka chotsatira anafera dziko lino.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi dandaulo lenileni, ndipo ndikulimva. Alipodi anthu amene akapita kunja miyezi isanu ndi umodzi amabwera Chingerezi chikutulukira m'mphuno, akunamizira kuti aiwala dzina la therere. Alipo amene akalemera amachita manyazi ndi mayi awo owabereka, kuwabisa kukhitchini alendo akabwera. Alipo mabwana akuda amene amazunza antchito akuda kuposa mmene mzungu akanachitira. Amenewo adzudzuleni, ndipo inenso ndidzudzula nanu. Koma taonani chimene tikuwadzudzulira: kunyoza, kudzikweza, nkhanza. Zimenezo ndi zochita, ndipo munthu angathe kuzichita m'Chichewa chakuya cha ku Kasungu, miyambi ili mbwee. Ndawaonapo anthu oyankhula Chichewa chokoma akulanda minda ya amasiye. Ndawaonaponso matchona a lilime lopindika amene mwezi uliwonse amatumiza fizi ya ana asanu a kumudzi amene si awo.

Komanso tisaiwale mbali yathu pa lilime lopindikalo. Ndi ife makolo amene timasankha sukulu yolipira chifukwa chakuti kumeneko mwana akayankhula Chichewa amalangidwa. Ndi ife amene timaombera m'manja kamwana ka zaka zinayi kakalonjera alendo m'Chingerezi, n'kumanyadira kuti Chichewa sikachidziwa. Pa ukwati timatama mkwatibwi kuti ndi woyera ngati mzungu, ndipo mafuta oyeretsa khungu akugulidwa m'misika yathu tsiku lililonse. Panafunika chigamulo cha khoti lalikulu ku Zomba mu 2023 kuti ana achirasta aloledwe kulowa m'masukulu a boma ndi tsitsi lawo. Ndiye mwana timamukankhira ku chizungu ndi dzanja lamanja, akafika kumeneko timamumenya ndi lamanzere kuti wataya chikhalidwe. Mwanayo alowere kuti?

Ine ndimakonda Chichewa, ndipo ndi chimene chimandidyetsa pa wailesi pano. Ndikufuna mdzukulu aliyense wa dziko lino, kaya ali ku Leeds, ku Harare kapena ku Joni, azichiyankhula. Koma chilankhulo chimalowa mwa munthu amene akulakwitsa, n'kukonzedwa mwachikondi, n'kulakwitsanso. Tonsefe tinachiphunzira choncho pamiyendo ya amayi athu, ndipo palibe anatitcha alendo pamene tinkati "mbuji" m'malo mwa mbuzi. Mwana amene wawoloka nyanja, wagwada pasiwa, wapsa zala ndi nsima ya kwa agogo ake, wachita kale mbali yake. Yotsalayo inali yathu.

Usiku uja kuseri kwa nkhokwe ndinamupepesa. Ndinamuuza kuti ndinalakwa kuseka. Anangogwedeza mutu. M'mawa wa tsiku lonyamuka, amayi aang'ono a malemu, gogo wa zaka zoposa 80 amene sanaseke nawo tsiku lija, anamuitana. Anamugwira dzanja lopsa lija, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana matuza aja. Kenaka anatenga mtanda wa nsima yozizira n'kumuonetsa potemera, kuyambira m'mphepete osati pakati, ndi mmene amaikankhira ndi chala chachikulu. Anamutchula ndi mfunda wa kwathu, umene mwanayo anali asanaumvepo chibadwire, n'kumuuza pang'onopang'ono kuti abwereze. Anabwereza katatu, kachitatu ndi mawu omveka.

Sabata yatha ndinalandira uthenga wa mawu pa WhatsApp kuchokera ku England. Unali wa masekondi 9. Anati, "Amalume, mwadzuka bwanji? Agogo ali bwanji? Muwauze ndikuphunzira." Mawu akadali opindika. Ndawasunga m'foni, ndipo Loweruka ndikupita nawo ku Dedza kuti gogo uja akawamve yekha.